Mpanda, Mlonda ndi Mkhalapakati: Zimene Zimatsekereza Magemu a pa Intaneti ku Chirimba

Funso lake

Intaneti imene ikutsegula Facebook mosavuta, n'kumaonetsa mavidiyo a pa YouTube popanda kudukiza, ikhoza kukanika kulumikiza anthu awiri amene akufuna kupikisana pa gemu ya mpira, ngakhale mmodzi ali ku Chirimba ndipo mnzakeyo ali ku Ndirande, kumene munthu amafika pa minibasi dzuwa lisanapendeke. Makina a PlayStation amalemba kuti NAT Type 3, a Xbox amalemba kuti Strict, ndipo kompyuta imangofunafuna mnzakeyo mpaka kusiya yokha. Osewera amati netiweki yavuta, ena n'kugulanso bandulo poganiza kuti yoyamba ija yafooka, koma nthawi zambiri liwiro silikhala ndi mlandu. Pakati pa gemu ndi dziko lakunja pamakhala zida zimene ntchito yake ndi kusankha uthenga woyenera kudutsa ndi woyenera kubwezedwa, ndipo zimangochitika kuti uthenga wa magemu ndi wa mtundu umene zidazo zinapangidwira kuukayikira.

Zida zimenezi zilipo zitatu ndipo anthu amakonda kuzisokoneza. Firewall ndi pulogalamu kapena chipangizo choima pamalire a netiweki ngati mlonda wa pageti, chimene chimaona uthenga uliwonse n'kuulola kapena kuukaniza motsatira malamulo amene chinapatsidwa. NAT ndi njira yochititsa zipangizo zambiri kuonekera kunja ndi adiresi imodzi. Proxy ndi kompyuta yokhala pakati, imene imalandira pempho la munthu, kukamutengera chimene wapemphacho, n'kumubweretsera. Choncho funso lenileni ndi lakuti chatseka njira ndi chiti mwa zitatuzi, chili m'manja mwa ndani, ndipo kuchitsegula kuika chiyani pachiswe. Malangizo ambiri amene amafalitsidwa pa nkhaniyi analembedwera nyumba za ku Ulaya ndi ku America zokhala ndi chingwe chakechake ndi adiresi yakeyake, pamene ku Blantyre anthu ambiri amalowa pa intaneti ndi simukhadi ya TNM kapena ya Airtel, imene ili m'foni, mu MiFi kapena mu rauta ya 4G. Kusiyana kumeneku kumasintha yankho lonse.

Mmene uthenga wa gemu umayendera

Chilichonse chodutsa pa intaneti chimayamba chadulidwa m'timapaketi, ndipo paketi iliyonse imanyamula adiresi ya wotumiza ndi ya wolandira, imene imatchedwa adiresi ya IP. Imanyamulanso nambala ya khomo, limene akatswiri amalitcha port, yosonyeza pulogalamu yoyenera kulandira paketiyo m'kati mwa chipangizo. Adiresi ili ngati nambala ya poloti, pamene port ili ngati nambala ya chitseko pa mdadada wa nyumba za lendi za papolotipo. Manambala a makomo amayambira pa 0 kulekezera pa 65,535. Masamba a pa intaneti amadzera pa khomo la 80 ndi la 443, Xbox imadalira kwambiri la 3074, PlayStation imagwiritsa ntchito a 3478 mpaka 3480, magemu ambiri a Steam amayambira pa 27015, ndipo seva ya Minecraft ya pakompyuta imadikira alendo pa 25565.

Njira zazikulu zotumizira mapaketi zilipo ziwiri. TCP imatsimikiza kuti paketi iliyonse yafika, ndipo ina ikatayika imatumizidwanso, zotsatira zonse zikudikira, zomwe ndi zofunika potumiza kalata kapena ndalama. UDP imangoponya paketi osayembekeza kumva ngati yafika. Magemu othamanga amasankha UDP, popeza uthenga wonena pamene panali mpira theka la sekondi lapitalo ulibenso ntchito, ndipo kuudikira kungaimitse masewera onse. Vuto lake ndi lakuti UDP ilibe malonje kapena kutsanzika, motero firewall sidziwa bwino pamene kucheza kwayambira ndi pamene kwathera, ndipo imangodalira wotchi: pakapita kanthawi popanda paketi, imatseka khomo.

Kamangidwe ka gemu nakonso kali ndi mbali. Magemu ena amalumikiza osewera onse ku seva imodzi ya kampani, ndipo popeza woyamba kulankhula amakhala wosewera amene ali m'kati mwa mpanda, uthenga wake umatuluka ndi kubwerera popanda chovuta. PUBG Mobile, Free Fire ndi Call of Duty Mobile amayenda motere, n'chifukwa chake achinyamata osewera pafoni samva kawirikawiri za NAT. Magemu ena, makamaka ankhonya, a Nintendo ndi mbali zina za magemu a mpira, amalumikiza makina a osewera mwachindunji popanda seva pakati. Apa mmodzi mwa awiriwo ayenera kulandira uthenga umene sanauitanitse, ndipo uthenga wosaitanidwa ndi umene mlonda aliyense wa pa netiweki anaphunzitsidwa kuubweza.

Kumene mpanda unachokera

Intaneti ya poyamba inalibe mpanda. Pamene makompyuta a kafukufuku ku America ankasamukira ku TCP ndi IP mu 1983, kompyuta iliyonse inali ndi adiresi yake ndipo inkatha kulankhula ndi ina iliyonse, chifukwa eni ake ankadziwana. Chikhulupiriro chimenechi chinagwedezeka mu November 1988, pamene pulogalamu yodzifalitsa yokha imene analemba Robert Tappan Morris, wophunzira wa pa yunivesite ya Cornell, inalowa ndi kufooketsa makompyuta zikwi zingapo. M'zaka zotsatira anthu anayamba kusefa mapaketi pamalire, mu 1994 William Cheswick ndi Steven Bellovin anatulutsa buku lawo lodziwika la ma firewall, ndipo cha nthawi yomweyo kampani ya Check Point ya ku Israel inafalitsa firewall yokumbukira. Imeneyi imalemba kucheza kulikonse kumene kwayambira m'kati, n'kumalola mayankho ake okha, pamene mlendo wogogoda popanda womuitana amabwezedwa. Lamulo limeneli ndi limene likugwirabe ntchito mu rauta iliyonse ya m'nyumba.

Magemu anakula moyang'anizana ndi mpandawo. Doom ya mu 1993 inkaseweredwa pa makompyuta olumikizana m'nyumba imodzi, Quake ya mu 1996 inatulutsira masewerawa pa intaneti, kenako kunabwera Xbox Live mu 2002, Steam mu 2003 ndi PlayStation Network mu 2006. M'zaka zomwezo mavairasi a Blaster mu 2003 ndi Sasser mu 2004 ankalowa m'makompyuta a Windows mwini wake asanadine chilichonse, bola kompyutayo ili pa intaneti, ndipo Microsoft inayankha mu 2004 poyatsiratu firewall mu Windows XP Service Pack 2.

Ku Malawi mbiri inayenda mwina. Intaneti yogulitsa kwa anthu wamba inayamba mu 1997 ndi kampani ya MalawiNet, lamulo lokhazikitsa bungwe la MACRA linabwera mu 1998, ndipo kwa zaka zambiri dziko lonse linkadalira masetilaiti oima pa mtunda wa makilomita 35,786, kumene paketi inkatenga kuposa theka la sekondi kupita ndi kubwera. Intaneti inali yodula kwambiri moti malo ogulitsa intaneti ndi maofesi ankaika proxy yosunga masamba, kuti tsamba limodzi lisagulidwe kawiri. Pamene zingwe za fibre ndi intaneti ya pafoni zinkafika, maadiresi anali atayamba kale kusowa padziko lonse. Amalawi ambiri anafika pa intaneti geti litatsekedwa kale, ndipo sanakhalepo ndi adiresi yawoyawo.

Bokosi limodzi la positi

Maadiresi a mtundu wakale, wa IPv4, alipo pafupifupi 4.3 biliyoni, chiwerengero chochepa poyerekeza ndi anthu ndi zipangizo zawo. Bungwe la IANA linagawa zigawo zake zomaliza pa 3 February 2011, ndipo bungwe la AFRINIC la ku Mauritius, limene limagawa maadiresi mu Africa, nalonso limapereka otsalawo mwapang'onopang'ono. Njira yopulumukira inafotokozedwa mu 1994, ndiyo NAT, ndipo chaka chomwecho anapatula maadiresi a m'kati, monga oyamba ndi 10 kapena 192.168, amene nyumba iliyonse ingagwiritse ntchito popanda kupempha, koma amene sadziwika kunja.

Amene anakulira kumudzi amaidziwa kale njira imeneyi, chifukwa mudzi wonse unkalandira makalata pa bokosi limodzi la positi la sukulu kapena la tchalitchi. Rauta ili ngati mphunzitsi wamkulu wosunga kiyi wa bokosilo. Paketi ikamatuluka, rauta imafufuta adiresi ya m'kati, n'kulembapo adiresi yake yakunja ndi nambala ya khomo imene yasankha, n'kusunga m'kaundula kuti khomo limenelo ndi la chipangizo chakuti. Yankho likabwera, kaundulayo amasonyeza mwini wake. Koma paketi ikafika pa khomo limene mulibe m'kaundula, rauta imasowa womupatsa ndipo imaitaya. NAT sinapangidwire chitetezo, komabe zotsatira zake zimafanana ndi za firewall.

Opanga magemu anapeza nzeru yozembera. Makina awiri ofuna kukumana amayamba alankhula ndi seva yowadziwitsana, imene imaona adiresi ndi khomo limene aliyense watulukira, n'kuuza mnzake. Kenako onse awiri amatumizirana mapaketi nthawi imodzi, ndipo rauta iliyonse, poona kuti wa m'kati ndiye wayamba kutumiza, imalandira paketi ya mnzakeyo ngati yankho. Njira yodziwira adiresi yakunjayi imatchedwa STUN ndipo inalembedwa mu 2003. Imatheka ngati rauta isunga khomo lomwelo posatengera kumene paketi ikupita. Rauta zina zimasintha khomo nthawi iliyonse pamene wolandira wasintha, motero nambala imene seva inaona imakhala yachabe pofika kwa mnzake uja. Apa ndi pamene pachokera mayina amene makina amalemba. Open ya Xbox, kapena Type 1 ndi Type 2 ya PlayStation, imakumana ndi anthu ambiri, pamene Strict kapena Type 3 imakumana ndi okhawo amene geti lawo ndi lotsegula, ndipo awiri a Strict sakumana pokhapokha kampani ya gemu iwadutsitse pa seva yolandizira mapaketi, zomwe zimatalikitsa ulendo.

Chimene chimavuta kwambiri ku Chirimba ndi chakuti bokosi la positi silikhala limodzi. Makampani a mafoni pafupifupi onse padziko lapansi alibe maadiresi okwanira makasitomala awo, choncho amaika NAT yawo yaikulu, yotchedwa CGNAT, imene imasonkhanitsa anthu ambirimbiri pa adiresi imodzi yakunja. Starlink, imene inayamba kugwira ntchito ku Malawi mu 2023, nayonso imachita chimodzimodzi pa mapulani ake wamba. Munthu amene ali kuseri kwa CGNAT akhoza kutsegula makomo onse a rauta yake, koma palibe chimene chingasinthe, popeza watsegula chitseko cha chipinda pamene geti la mpanda lili ndi kiyi wa landilodi. Maola ambiri amatayika potsatira malangizo otsegula makomo pa netiweki imene makomowo safika kunja.

Kudziwa ngati zili choncho sikufuna katswiri. Pa kompyuta kapena foni yolumikizidwa ku rauta, munthu amalemba adiresi ya rautayo m'malo olembamo dzina la tsamba, imene nthawi zambiri imakhala 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1, ndipo pa MiFi zambiri za Huawei imakhala 192.168.8.1. Akalowa, amafufuza pamene palembedwa WAN IP. Ngati nambalayo ikuyamba ndi 10, kapena ili pakati pa 100.64 ndi 100.127, chigawo chimene chinapatulidwa mu 2012 kuti chizigwira ntchito ya CGNAT, kapena ngati ikusiyana ndi adiresi imene masamba oonetsa adiresi ya munthu akuonetsa, ndiye kuti patsogolo pali geti lina. Mankhwala ake ali kwa kampani yogulitsa intaneti, imene ingapereke adiresi yakunja yapayokha, ndipo kawirikawiri zimenezi zimapezeka pa mapulani a bizinesi ndi ndalama yoonjezera. Nthawi zina geti lachiwiri limakhala la m'nyumba momwemo, monga pamene MiFi yalumikizidwa ku rauta ina yofalitsa Wi-Fi, ndipo pamenepo n'kokwanira kusandutsa imodzi mwa ziwirizo kukhala mlatho chabe, kuti NAT itsale imodzi.

Kutsegula khomo, ndi mkangano wake

Kwa amene adiresi yakunja ifika pa rauta yake, njira zilipo zingapo, ndipo akatswiri sagwirizana pa yoyenera. Yoyamba ndi port forwarding, kumene mwini rauta amalemba yekha lamulo lakuti paketi iliyonse yofika pa khomo lakuti izipita ku chipangizo chakuti. Njirayi ndi yodalirika chifukwa imatsegula chokhacho chimene chafunika, koma imafuna kuti chipangizocho chikhale ndi adiresi ya m'kati yosasintha. Mfundo imeneyi imaiwalika, ndipo kumene magetsi amazimazima imapweteka, chifukwa rauta ikayakanso imatha kugawa maadiresi mwatsopano, lamulo lija n'kumatumiza mapaketi a gemu ku foni ya mlendo. Kumangirira adiresi imodzi ku chipangizocho, pa gawo la rauta lotchedwa DHCP, kumathetsa zimenezi. Malire ena ndi akuti khomo limodzi lingalozedwe ku chipangizo chimodzi chokha, motero shopu ya magemu ya pafupi ndi msika wa Chirimba yokhala ndi makina anayi singalozere khomo lomwelo kwa onse anayi.

Yachiwiri ndi UPnP, imene imalola chipangizo kupempha chokha rauta kuti itsegule khomo, ndipo ngati khomolo latengedwa kale, makina ena amasankha lina. Opanga makina a magemu amailimbikitsa chifukwa safuna kuti kasitomala aphunzire manambala. Akatswiri a chitetezo amaikana chifukwa UPnP sifunsa dzina kapena pasiwedi, ndipo vairasi imene yalowa mu kompyuta ina ya m'nyumbamo ikhoza kudzitsegulira khomo mofanana ndi gemu. Mu January 2013 kampani ya Rapid7 inalengeza kuti zipangizo mamiliyoni makumi angapo zinkayankha UPnP kuchokera kunja, zomwe sizinayenera kutheka. Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo, ndipo chimene chimasiyanitsa ndi anthu olowa pa netiwekiyo. M'nyumba ya zipangizo zochepa zodziwika, yokhala ndi rauta imene pulogalamu yake imakonzedwabe, UPnP ndi yopiririka. Pamalo pamene Wi-Fi imagulitsidwa kapena kugawidwa kwa aliyense wodutsa, makina a magemu ayenera kukhala pa netiweki yawo ndipo alendo pa ina.

Yachitatu ndi DMZ, imene pa rauta za m'nyumba imatanthauza kutumiza mapaketi onse osaitanidwa ku chipangizo chimodzi. Kwa PlayStation kapena Xbox, zimene sizisunga zambiri ndipo sizilola mapulogalamu achilendo, ena amati chiopsezo ndi chochepa. Kwa kompyuta imene imagwiranso ntchito za kubanki kapena yosunga maakaunti a shopu, kutero ndi kuigoneka panja.

Palinso njira imene anthu amathamangira koma siyenera kuwerengedwa, ndiyo kuzimitsiratu firewall. Pa Windows sipafunika kutero, chifukwa firewall yake imatha kulola pulogalamu imodzi poitchula dzina, ndipo imasiyanitsa netiweki ya Private ndi ya Public. Magemu ambiri a m'nyumba imodzi amalephera kuonana chifukwa chakuti kompyuta inalemba Wi-Fi ya pakhomo ngati Public. Magemu okopera pa fulashi, amene malangizo ake amati munthu ayambe wazimitsa chitetezo, ndiwo njira yodziwika yolowetsera mavairasi. Zimene zimachitikira zipangizo zosiyidwa poyera ndi zodziwika: pa Khirisimasi ya 2014 gulu la Lizard Squad linagwetsa PlayStation Network ndi Xbox Live pozithira mapaketi ochuluka, mu 2016 vairasi ya Mirai, imene olemba ake ankalimbana ndi maseva a Minecraft, inagwira marauta ndi makamera osasinthidwa pasiwedi ya kufakitale, ndipo mu December 2021 chilema cha pulogalamu ya Log4j chinaonekera poyera pa maseva a Minecraft omwewo. Pasiwedi ya admin imene rauta inabwera nayo iyenera kusinthidwa khomo lililonse lisanatsegulidwe.

Mkhalapakati wa kuofesi ndi kukoleji

Pa netiweki ya kampani, monga za ku Chirimba Industrial Area, kapena ya sukulu yaukachenjede, zinthu zimakhala zina chifukwa mpanda umatchinga mbali zonse, kutuluka komwe. Woyang'anira netiweki amatha kutseka makomo onse n'kusiya a masamba okha, kapena kukakamiza aliyense kudzera pa proxy, monga pulogalamu ya Squid imene imadikira pa khomo la 3128. Proxy yotere imamva chinenero cha masamba chokha, chimene chimayenda pa TCP, ndipo paketi ya UDP ilibe poigwira. N'chifukwa chake kulemba adiresi ya proxy mu PlayStation kumathandiza kutsegula sitolo ndi kutsitsa gemu, koma masewera enieniwo osalumikizana. Proxy ya mtundu wa SOCKS5, imene inafotokozedwa mu 1996, imatha kunyamula UDP, koma ndi magemu ochepa amene amadziwa kuigwiritsa ntchito.

Oyang'anira amati intaneti inagulidwira ntchito ndi maphunziro, ndipo khomo lililonse lotseguka ndi malo ena ofunika kulondera. Ophunzira ogonera pasukulu amati hositelo ndi kwawo, ndipo madzulo ndi nthawi yawo. Chodziwika pa mkanganowu ndi chakuti kusewera kwenikweni kumadya intaneti yochepa kuposa kuonera vidiyo, popeza mapaketi ake ndi aang'ono, pamene chimene chimalemetsa netiweki ndi kutsitsa magemu ndi zokonza zake, zimene zimatha kufika magigabaiti makumi angapo. Woyang'anira amene wasankha kulola angathe kutsegula makomo otulukira a UDP pa gawo la mahositelo lokha, pa maola oikika, n'kuchepetsa liwiro la zotsitsa, ndipo marauta a MikroTik kapena pfSense amatha zonsezi. Chisankhocho ndi cha mwini netiweki. Wozemba proxy ya pantchito amaphwanya malamulo a pantchitopo, ndipo wolowa mu rauta ya eni kukasintha malamulo popanda chilolezo amagundana ndi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, limene limaletsa kulowa ndi kusokoneza makompyuta a ena.

Mtunda umene khomo silingafupikitse

Kulumikizana ndi chinthu china, kusewera bwino n'chinanso. Nthawi imene paketi imatenga kupita ku seva ndi kubwera imatchedwa ping, ndipo imayezedwa m'mamilisekondi, amene amakwana 1,000 pa sekondi imodzi. Kuwala kumayenda m'chingwe cha fibre pa liwiro la makilomita pafupifupi 200,000 pa sekondi, motero makilomita 100 alionse amaonjezera milisekondi imodzi pa ulendo wopita ndi kubwera. Kuchoka ku Blantyre kufika ku Johannesburg pali makilomita pafupifupi 1,400 molunjika, kutanthauza mamilisekondi 14 chingwe chikanakhala chowongoka, pamene ku London pali makilomita oposa 8,000, ndipo ping yake singatsike pa 80 ngakhale zonse zitayenda bwino. Zingwe zenizeni siziwongoka. Malawi alibe gombe, choncho mapaketi amadutsa ku Mozambique, ku Tanzania kapena ku Zambia, ndipo opita ku Ulaya amakalowa m'zingwe za pansi pa nyanja monga SEACOM ya mu 2009 ndi EASSy ya mu 2010. Zingwe ziwirizi zitaduka mu May 2024, intaneti inafooka m'mayiko angapo a kuno kum'mawa kwa Africa, kuphatikizapo Malawi, ndipo panalibe chosintha pa rauta chimene chikanathandiza.

Chimene chasintha zinthu m'zaka zapitazi ndi kubwera kwa maseva ku South Africa. Microsoft inatsegula malo ake a maseva a Azure ku Johannesburg ndi ku Cape Town mu 2019, Amazon inatsegula ake ku Cape Town mu 2020, ndipo kampani ya Valve ili ndi maseva a Counter-Strike ndi Dota 2 m'dzikomo. Wosewera wa ku Blantyre amene wasankha dera la South Africa pa gemu imene ili ndi seva kumeneko wapindula kuposa amene watsegula makomo khumi. Kwa osewera awiri a m'tauni imodzi amene ali pa makampani osiyana, chofunika ndi ngati makampaniwo amasinthana mapaketi kuno komweko, ntchito imene malo a Malawi Internet Exchange, amene anatsegulidwa mu Blantyre mu 2008, anakhazikitsidwira. Lamulo la tracert pa Windows limaonetsa malo amene paketi yadutsa, ndipo nthawi zina limasonyeza kuti uthenga wopita kutsidya kwa msewu unayamba wakazungulira kunja kwa dziko.

Kuchedwa kwina kumayambira m'nyumba momwemo. Wina akayamba kutumiza vidiyo kapena foni ikayamba kukweza zithunzi, rauta imaunjika mapaketi pamzere wautali, ndipo paketi yaing'ono ya gemu imaima kumbuyo kwa onsewo, vuto limene Jim Gettys analitcha bufferbloat cha mu 2010. Rauta zimene zili ndi gawo la SQM kapena QoS zimadutsitsa mapaketi aang'ono msanga. Wi-Fi yodutsa m'makoma a njerwa ndi pansi pa malata imataya mapaketi, choncho chingwe cha netiweki chochoka pa rauta kufika pa makina chimaposa Wi-Fi iliyonse. Madzulo, anthu akaweruka, nsanja imodzi ya 4G imagawidwa pakati pa anthu ambiri, ndipo ping imakwera ndi kutsika mosayembekezereka, zomwe zimasokoneza gemu kuposa ping yokwera koma yokhazikika.

VPN ndi IPv6

VPN ndi ngalande yobisika imene imanyamula mapaketi onse, a UDP omwe, kukawatulutsira pa seva ya kwina. Kwa amene ali kuseri kwa CGNAT, VPN imene imapereka khomo lotseguka ikhoza kusintha Strict kukhala Open, ndipo ngati kampani ya intaneti ikuzunguliritsa mapaketi, VPN ya ku Johannesburg nthawi zina imawongola njira. Ogulitsa amanena ngati kuti zimenezi zimachitika nthawi zonse, pamene kawirikawiri VPN imaonjezera malo oima ndipo ping imakwera, choncho choyenera ndi kuyeza ping isanayatsidwe ndiponso itayatsidwa. VPN zaulere zimaona malo onse amene munthu akupita pa intaneti, ndipo makampani ena a magemu amatseka akaunti ya munthu wobisa dziko limene ali.

Yankho la nthawi yaitali ndi IPv6, imene maadiresi ake ndi ochuluka moti chipangizo chilichonse chimakhala ndi yake ndipo NAT sifunikanso. Makampani akuluakulu a pa intaneti anaiyatsa kotheratu pa 6 June 2012, ndipo Xbox One ya mu 2013 inamangidwa moidalira. Ena amaopa kuti kuchotsa NAT ndi kugwetsa mpanda, koma firewall yokumbukira ija imakhalapobe ndipo imabweza alendo osaitanidwa monga kale, kusiyana kwake n'kwakuti mwini nyumba ndiye amakhala ndi kiyi. Chimene chikuchedwetsa ndi chakuti magemu ambiri akadali pa IPv4, ndipo kampani iliyonse ya intaneti imayatsa IPv6 pa nthawi yake. Pa tsamba lomwe lija la rauta, adiresi yaitali yosakaniza manambala ndi zilembo imene ikuyamba ndi fe80 ndi ya m'nyumba chabe ndipo sifika kunja, pamene yoyamba ndi 2, monga 2c0f imene imapezeka pa maadiresi ogawidwa ndi AFRINIC, imasonyeza kuti IPv6 yafika pa mzere umenewo.